Mafunso ndi Mayankho: Kupenta ndi Kukalambitsa Zifanizo Zing'onozing'ono za Ndege, Akasinja ndi Magalimoto

Kulumikiza tizidutswa ta pulasitiki totuluka m'bokosi ndi luso limene munthu amaligwira msanga, mwina pa chifanizo chachiwiri kapena chachitatu. Chimene chimavuta, ndipo chimatenga zaka, ndi penti: kuti kasinja wokwana pachikhatho aoneke wolemera ngati chitsulo chenicheni, kapena kuti kandege ka pa shelefu kaoneke kuti kanaulukadi, kanaombedwa ndi dzuwa ndiponso kanapondedwa ndi nsapato za amakaniko. Mafunso otsatirawa amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu amene amanga kale zifanizo zingapo koma sakukhutira ndi maonekedwe ake. Mayankho ena ndi afupi chifukwa nkhani yake ndi yosavuta, pamene ena ndawatalikitsa dala chifukwa ndi pomwe ambiri timapunthwa.

Kodi kukalambitsa chifanizo n'kutani, ndipo kukusiyana bwanji ndi kupenta?

Kupenta ndi kupatsa chifanizo mtundu umene chinthu chenichenicho chinali nawo pochoka kufakitale. Kukalambitsa, kumene pa Chingelezi amati weathering, ndi kuonetsa zimene zinachitikira penti ameneyo pambuyo pake, monga kusuluka ndi dzuwa, kukanganuka m'mphepete, fumbi lokhazikika m'makona, mafuta odontha, mwaye wa utsi ndi matope ouma. Kupenta kumauza woona mtundu wa chinthucho, koma kukalambitsa kumamuuza kumene chinali, ntchito imene chinkagwira, komanso utali wa nthawi imene chinaigwira. N'chifukwa chake ine ndimaumirira mfundo imodzi kuposa zonse, yakuti banga lililonse limene mwaika pa chifanizo likhale ndi chimene chinalichititsa. Ngati simungathe kufotokoza kuti dzimbiri lafika bwanji pamalo ena, ndiye kuti siliyenera kukhalapo.

Ndimatsatira malangizo a m'bokosi, koma zifanizo zanga zimaonekabe ngati zidole. Vuto lili pati?

Nthawi zambiri vuto limayamba penti asanatsegulidwe n'komwe. Msoko wa pamene zidutswa ziwiri zakumana, timizere totsala pamene pulasitiki anaumbidwa m'chikombole, ndiponso chidindo cha chala chimene chinatsala pa guluu, zonsezi penti sazikwirira ayi, amangozionetsa poyera. Muyenera kutseka mipata, kupala ndi sandipepala wa nambala 400, kenako 600 ndi 1000, mpaka chala chisamvenso bampu.

Vuto lina ndi kuiwala sikelo. Pa chifanizo cha 1/35, milimita imodzi ikuimira mamilimita 35 pa kasinja weniweni, ndipo pa ndege ya 1/72 milimita imodziyo ikuimira masentimita opitirira 7. Choncho koti yochindikala ya penti imameza mabawuti ndi timizere tonse, ndipo kachibanga ka mamilimita awiri kamene mukukayesa kakang'ono ndi chigamba cha masentimita 7 pa kasinja weniweni. Chotsiriza n'chakuti chidole chimakhala ndi mtundu umodzi wosasintha paliponse, pamene chinthu chachikulu chimene chakhala panja chimakhala chowalirako pamwamba, chodera m'munsi, ndipo malata ake safanana onse.

Kodi pulaima, penti woyamba wothandiza kuti penti wina agwire, ndi wofunikadi?

Inde, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito penti wa acrylic wosungunula ndi madzi, amene amakanganuka mosavuta pa pulasitiki wosalala mukamamatula tepi. Pa tizidutswa ta resin (utomoni woumitsidwa) ndi ta mkuwa wopyapyala, pulaima ndi wosazembeka. Ntchito yake yachiwiri, imene ine ndimaiona yofunika mofanana ndi yoyambayo, ndi kuulula zolakwika: chifanizo chonse chikakhala chotuwa, msoko umene unabisala umaonekera, ndipo mumaukonza nthawi ikadalipo. Pa pulaima wa Mr. Surfacer, nambala yaing'ono monga 500 ndi wokhuthala wotsekera timing'alu, pamene 1200 ndi 1500 ndi wosalala woyenera kupopera chifanizo chonse. Mitundu yachikasu ndi yofiira siikwirira bwino, kotero pansi pake payenera kukhala pulaima woyera. Musanapake, tsukani chifanizo ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono kuti mafuta a m'zala achoke, ndipo chiume bwinobwino.

Penti alipo wamitundumitundu. Ndisankhe uti, ndipo kodi ndingasakanize?

Mudzakumana ndi magulu anayi. Wa acrylic, monga wa Vallejo, sanunkha kwambiri ndipo amauma pa mphindi zochepa, ngakhale kuti kulimba kwenikweni kumafuna tsiku lathunthu. Wa enamel, monga wa m'tizitini ta Humbrol, amachedwa kuuma, ndipo kuchedwako n'kumene kumamupatsa mpata wosalala yekha komanso kumakupatsani inu mpata womufufuta. Wa lacquer, monga Mr. Color wa kampani ya GSI Creos, amauma msanga ndipo ndi wolimba kuposa onse, koma nthunzi yake ndi yoopsa, ndipo savomera bulashi chifukwa koti yachiwiri imasungunula yoyamba. Gulu lachinayi ndi penti wa mafuta wa m'machubu amene ojambula zithunzi amagwiritsa ntchito. Ameneyu sitipentera chifanizo chonse koma timakalambitsira.

Magulu osiyana musawasakanize m'kapu imodzi, koma kuwasanjikiza n'kololedwa, ndipo luso lonse la kukalambitsa lagona pamenepo. Penti wa thinazi (mankhwala osungunulira penti) waukali amakhala pansi, ndipo wa thinazi wofatsa amabwera pamwamba. Mukapenta ndi lacquer kapena acrylic, n'kudikira kuti alimbe, mungathe kukalambitsa pamwamba pake ndi enamel kapena penti wa mafuta, chifukwa white spirit, thinazi wofatsa wa mapenti awiriwa, sasungunula acrylic wouma. Ngati munapenta ndi enamel, ikani kaye vanishi wa acrylic pakati, apo ayi thinazi adzanyambita penti wanu yense. Dziwaninso kuti dzina lakuti acrylic silitanthauza chinthu chimodzi. Wa Tamiya ali ndi alcohol mkati ndipo amagwirizana ndi thinazi wake wa X-20A, pamene wa Vallejo amachita mibulu mukamuthira alcohol.

Kodi ndingapente bwino ndi bulashi, kapena ndiyenera kukhala ndi airbrush, kachida kopopera penti ndi mpweya?

Bulashi imatha kutulutsa ntchito yabwino kwambiri, makamaka pa zifanizo za 1/72 ndi pa tianthu, malinga ngati penti wasungunulidwa mokwanira ndipo mwalola kupaka makoti atatu kapena anayi opyapyala m'malo mwa imodzi yochindikala. Koti yoyamba idzaoneka yonyansa, yamizeremizere, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pobwereza pamalo ponyowa. Isiyeni iume, kenako yachiwiri muiyendetse mopingasa yoyambayo. Pa malo aakulu gwiritsani ntchito bulashi yaphanthiphanthi ndi yofewa. Pa tinthu ting'onoting'ono, bulashi ya nambala 0 kapena 1 yansonga yabwino imaposa ya 000, chifukwa ya 000 imasunga penti wochepa amene amauma musanafike naye pa chifanizo.

Airbrush imachita zimene bulashi singathe: malire ofewa a pakati pa mitundu, koti yopyapyala ngati nkhungu, ndi kusalala kwa thupi la galimoto ya 1/24. Yoyamba kugula ikhale ya kapu ya pamwamba, imene chala chimodzi chimatsegula mpweya podina ndi penti pokokera kumbuyo, yokhala ndi singano ya mamilimita 0.3 kapena 0.35. Kompulesa ikhale ndi chochepetsera mphamvu ya mpweya ndi chokola madzi, ndipo ya thanki ndi yabwino koposa chifukwa mpweya wake sudukizadukiza.

Airbrush yanga imalavula, imatsekeka, ndipo penti amatuluka wokhakhala. Ndikulakwitsa chiyani?

Pafupifupi mavuto onse a airbrush amachokera pa zinthu zitatu zimene ziyenera kugwirizana, zomwe ndi kukhuthala kwa penti, mphamvu ya mpweya ndi mtunda wa pakati pa singano ndi chifanizo. Poyambira pabwino ndi penti wosungunulidwa mpaka kufanana ndi mkaka, kawirikawiri theka penti theka thinazi, mpweya wa pakati pa 15 ndi 20 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya), ndi mtunda wa masentimita 5 mpaka 10. Penti akatera wokhakhala ngati mchenga, ndiye kuti akuuma ali m'malere asanafike, kotero yandikirani, chepetsani mpweya kapena onjezani thinazi. Akamwazika ngati miyendo ya kangaude, ndiye kuti ndi wamadzi kwambiri kapena mwayandikitsa. Akamaumira kunsonga ya singano, zimene acrylic amachita kawirikawiri, dontho limodzi la mankhwala ochedwetsa kuuma limathandiza, ndipo muzipukuta nsongayo ndi kathonje konyowa. Thovu likamatuluka m'kapu, kamlomo katsekeka, kamasuka kapena kang'aluka. Nthawi zonse yambani kutulutsa mpweya penti asanayambe, ndipo lekani penti mpweya usanaleke, chifukwa kadontho kotsala kunsonga ndi kamene kamalavulidwa pa phiko limene mwangomaliza kumene.

Ndimadera nkhawa kuti mtundu wa penti wanga si wolondola ndendende. Kodi zimenezi n'zofunika motani?

N'zofunika, koma osati mpaka kukulepheretsani kupenta. Chitsanzo chabwino ndi akasinja a Germany a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Poyamba ambiri anali otuwa moderako, mtundu wa nambala RAL 7021 pa ndandanda wa mitundu wa ku Germany, ndipo kuyambira mu February 1943 anayamba kupentedwa mtundu wachikasu moderako wotchedwa Dunkelgelb, RAL 7028. Wobiriwira ndi wofiirira wa mawangamawanga ankaperekedwa kwa asilikali ali phala lokhuthala, ndipo iwo ankasungunula okha ndi petulo, madzi kapena chilichonse chimene chinalipo. Zotsatira zake zinali zakuti akasinja awiri a gulu limodzi sankafanana. Mapenti obiriwira a Olive Drab wa asilikali a America ndi 4BO wa Soviet Union nawonso ankasintha ndi dzuwa, fumbi ndi mafuta. Choncho pezani mtundu woyandikira, kenako ikani mtima pa mmene ukuonekera pa chifanizo.

Pali chinanso chimene ambiri amachiphunzira mochedwa. Mtundu wolondola ndendende umaoneka wakuda kwambiri pa chinthu chaching'ono, ndipo ntchito yokalambitsa imaudetsanso. Ndi bwino kuyamba ndi penti wowalirako pang'ono, makamaka pa masikelo aang'ono monga 1/72 ndi 1/700. Powalitsa wobiriwira onjezani wachikasu kapena wamtundu wa mchenga, chifukwa woyera yekha amamuchititsa kuoneka wakufa ngati choko.

Ndingatani kuti mtundu umodzi usaoneke wofanana paliponse?

Njira yakale ndi kupopera timizere takuda motsatira malire a malata musanaike mtundu weniweni, kenako n'kupopera mtunduwo mopyapyala kuti mdimawo uzionekera chapansipansi. Ikachitidwa mosamala ndi yabwino, koma ikapyola muyeso ndege imaoneka ngati nsalu yamabokosi, zimene simungazione pa ndege yeniyeni. Ine ndimakonda kuyamba ndi pulaima wakuda, kenako n'kupopera mtundu mwamawangamawanga pa lata lililonse palokha, n'kumaliza ndi koti yopyapyala yolumikiza zonse, chifukwa kusafanana kumene kumatsalako kumakhala kopanda dongosolo, ngati mmene dzuwa limasulutsira penti. Pa akasinja ena amawalitsa malo oyang'ana kumwamba ndi kudetsa a m'munsi, ngati kuti kuwala kukuchokera mbali imodzi.

Zizindikiro zomata zimaoneka zonyezimira ngati siliva m'mphepete. N'chifukwa chiyani?

Penti wosawala ndi wokhakhala mukamuonera pa galasi lokulitsa, ndipo timpweya timakodwa pansi pa kapepala koonekera ka chizindikiro chomatacho, chimene pa Chingelezi amati decal, n'kumabweza kuwala. Mankhwala ake ndi kumata pa malo osalala, kaya popaka vanishi wowala kaye kapena posalaza penti ndi sandipepala wosalala kwambiri. Nyowetsani decal m'madzi ofunda, ikani mankhwala othandiza kumata otchedwa Micro Set pansi pake, finyani madzi ndi kathonje kuchokera pakati kupita kunja, kenako pakani mankhwala ofewetsa otchedwa Micro Sol pamwamba. Ikayamba kuchita makwinya musaikhudze, chifukwa imadziwongola yokha pouma. Ngati siliva waoneka kale, boolani timabowo ndi nsonga ya mpeni wakuthwa n'kuthiranso mankhwalawo. Musaiwale kuti zizindikiro nazonso ziyenera kukalamba pamodzi ndi penti wozizungulira.

Kodi wash ndi filter zikusiyana bwanji?

Zonse ndi penti wosungunulidwa kwambiri, koma ntchito zake n'zosiyana. Wash amalowa m'timizere, m'makona ndi mozungulira mabawuti kuti apange mthunzi, ndipo amayenda bwino pa vanishi wowala. Njira yaudongo ndi kugunditsa nsonga ya bulashi pa mzere n'kulola penti kuyenda yekha, kudikira mphindi khumi kapena makumi awiri, kenako n'kufufuta zosefukira ndi bulashi yonyowa pang'ono ndi thinazi. Kusambitsa chifanizo chonse ndi wash wakuda kumangochidetsa. Ndipotu wakuda bii sayenera kawirikawiri: wabulauni woderako amakhala bwino pa wobiriwira ndi wachikasu, ndipo wotuwa amakhala bwino pa ndege yoyera.

Filter ndi wamadzi kuposa pamenepo, pafupifupi thinazi wodetsedwa chabe, ndipo amapakidwa pamalo ponse ndi bulashi imene mwaipukuta kaye, kuti asinthe mtundu pang'ono ndi kugwirizanitsa mawanga amene akusiyana mokuwa. Iye amafuna penti wosawala kuti agwire, ndipo akayamba kudikha m'makona ndiye kuti mwachulutsa.

Pano ndichenjeze ndi zimene zinandigwera. Nthawi ina ndinathira thinazi wa enamel wochuluka pa matcheni a kasinja amene ndinalumikiza kachidutswa kamodzikamodzi, ndipo pasanathe ola anaduka m'malo anayi. Thinazi ameneyu amafooketsa pulasitiki ndi guluu akadikha pamalo othina. Kuyambira pamenepo ndimanyowetsa bulashi pang'ono chabe.

Kodi penti wokanganuka ndingamuonetse bwanji popanda kuwononga chifanizo?

Apa ndi pamene zifanizo zambiri zabwino zimawonongekera, chifukwa ntchito yake ndi yokoma ndipo dzanja silifuna kuleka. Musanagwire bulashi, dzifunseni kuti nsapato, manja ndi zitsulo zinkakhudza pati. Pa kasinja ndi m'mphepete mwa zitseko, pokwerera, pomangirira zida, pa madigadi amene ankakhula mitengo ndi makoma, ndi pozungulira injini pamene amakaniko ankagwira ntchito. Pakati pa lata limene palibe ankapondapo sipakanganuka popanda chifukwa. Tizibanga timeneti timaunjikana pamalo amodzi n'kumachepa mukamatalikira, ndipo sitikhala tofanana kukula kapena totalikirana mofanana.

Njira yosavuta ndi kasiponji kong'ambidwa mosalongosoka, kogwiridwa ndi kapani. Kavikeni mu penti, kapukuteni pa pepala mpaka katsale pang'ono kuuma, kenako gunditsani mopepuka, mukutembenuza dzanja kuti chidindo chisabwerezeke. Kuti kukanganukako kuoneke kozama, yambani ndi mtundu wowalirako kuposa penti wa chifanizo, kusonyeza pamene pangokalika pamwamba, kenako ndi bulashi yansonga ikani kadontho koderako mkati mwa ena mwa mabangawo, osati onse. Mtundu wake ukhale woona. Chitsulo cha kasinja chikavundukuka chimaoneka chabulauni moderako kapena chotuwa, ndipo siliva wowala amangopezeka pamene pamakhulidwa tsiku ndi tsiku, monga mano a gudumu loyendetsa matcheni. Pamenepo pensulo wamba ndi wokwanira. Akasinja a Germany anali ndi pulaima wofiira pansi pa penti, ndipo ameneyu ndi amene ayenera kuyamba kuonekera.

Pamene penti anachoka kwambiri, monga laimu woyera amene asilikali ankapaka akasinja m'nyengo ya chipale chofewa, njira ya hairspray ndi yosaposeka. Mumapenta mtundu wa pansi n'kuulola kulimba, mumapopera makoti awiri opyapyala a mankhwala olimbitsa tsitsiwo kapena mankhwala okanganulira penti otchedwa chipping fluid, kenako mtundu wa pamwamba wa acrylic mopyapyala. Ukangouma, nyowetsani malo aang'ono ndi madzi, dikirani pang'ono, n'kuyamba kukanda ndi bulashi yolimba kapena chotokosera mano. Madzi amasungunula hairspray pansi, ndipo penti amakanganuka yekha monga mmene amachitira weniweni. Hairspray akachuluka zimachoka zigamba zikuluzikulu, ndipo mukachedwa masiku angapo penti amalimba n'kukana kuchoka.

Nanga dzimbiri, fumbi ndi matope?

Dzimbiri lochuluka ndi la galimoto yotayidwa kapena sitima imene yakhalitsa panyanja. Kasinja wa pa nkhondo kawirikawiri sankakhala zaka zambiri, ndipo anali ndi anthu omusamalira, kotero dzimbiri lake limapezeka pa ekizozi imene kutentha kunapsereza penti, pa matcheni osungira ndi m'timikwingwirima takale. Latsopano limakhala lowala chakuchikasu, lakale limadera chakubulauni, ndipo kusakaniza mitundu iwiri kapena itatu kumaposa mtundu umodzi. Mizere yotsika ndi mvula mumaipanga poika kadontho ka penti wa mafuta n'kukakokera pansi ndi bulashi yaphanthiphanthi yonyowa pang'ono. Finyirani kaye penti ameneyu pa katoni kwa ola limodzi kapena awiri kuti mafuta ake amwedwe, chifukwa akatero amauma msanga ndipo sanyezimira.

Fumbi ndi lofunika kuposa dzimbiri, chifukwa galimoto iliyonse yoyenda m'dothi imakhala nalo pasanathe tsiku. Limapangidwa ndi ufa wa mitundu wotchedwa pigment, kapena choko cha pastel chopalidwa, ndipo limakhazikika m'munsi, kumbuyo ndi pamalo afulati pamene mphepo siifika. Ufawo mumaugwiritsa pougunditsa ndi dontho la thinazi kapena la mankhwala omatira ufa otchedwa pigment fixer, podziwa kuti vanishi wopopera pamwamba amauzimiriritsa. Matope amafuna thupi, choncho sakanizani ufawo ndi pulasitala pang'ono ndi penti. Ouma akhale owala ndi osanyezimira, ndipo anyowa akhale oderako, onyezimira pang'ono, pamwamba pa oumawo. Mtundu wa dothi ugwirizane ndi malo amene galimotoyo inali, chifukwa fumbi la m'chipululu cha Libya silifanana ndi matope akuda a ku Ukraine.

Kodi ndege zimakalamba mofanana ndi akasinja?

Ayi. Thupi la ndege zambiri ndi la aluminiyamu, amene sachita dzimbiri lofiira, kotero penti akachoka pamaoneka siliva kapena pulaima wachikasu chobiriwirako wa zinc chromate. Malo okanganuka ndi tsinde la phiko pamene woyendetsa ndi amakaniko ankaponda, m'mphepete mwa kutsogolo kwa mapiko ndi pulopela, ndiponso pa zomangira zivindikiro za injini ndi za mfuti. Ndege zina, monga de Havilland Mosquito, zinali zamatabwa, ndipo zipsepse zowongolera za ndege zambiri za nthawi imeneyo zinali zokutidwa ndi nsalu, choncho siliva pamalo otere ndi kulakwitsa. Mabanga a pa ndege amatsatira mphepo kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pamene a pa galimoto amatsikira pansi. Utsi wa ekizozi suli wakuda wokha: pa mapiko a Avro Lancaster munkaoneka mizere yotuwa moyererako pakati pa yakudayo, chifukwa cha mtovu wa m'mafuta. Ndege zambiri za Japan za kumapeto kwa nkhondo zinkasupuka kwambiri chifukwa penti ankapakidwa popanda pulaima, koma zimenezo si chilolezo chosupula ndege iliyonse.

Ndingadziwe bwanji kuti ndapyola muyeso?

Maso amene ayang'ana chinthu chimodzi kwa maola atatu amasiya kuona zoona. Lekani ntchito pamene mukuona ngati patsala pang'ono, chisiyeni chifanizo mpaka mawa, kenako chiyang'aneni chili pa mtunda wa mkono wotambasula. Kuchijambula ndi foni n'kuika chithunzicho pambali pa chithunzi cha chinthu chenicheni kumaulula zambiri, ndipo kusandutsa zithunzi zonse ziwiri kukhala zakuda ndi zoyera kumaonetsa ngati mithunzi yanu yakula mopitirira.

Dziwaninso kuti kakalambitsidwe kali ndi mafashoni ake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, François Verlinden wa ku Belgium anatchukitsa wash woderako ndi kupukuta m'mphepete ndi bulashi youma, ndipo pambuyo pake Mig Jiménez wa ku Spain ndi anzake anafalitsa ma filter, ma pigment ndi kukanganula kochuluka. Njira zonsezi n'zothandiza, koma munthu akamangoonera zifanizo za anzake amayamba kukopera chifanizo cha chifanizo, ndipo chinthu chenichenicho chimatalikira.

Ndalakwitsa. Kodi ndiyambirenso?

Kawirikawiri ayi. Enamel ndi penti wa mafuta amafufutika ndi thinazi kwa maola angapo ngati pansi pali acrylic wolimba. Kafumbi kokodwa mu penti kapena dontho loyenderera mumazisiya ziume, n'kuzisalaza ndi sandipepala wa 1500 kapena 2000 wonyowa, kenako n'kupoperanso pamalopo. Vanishi wosawala akachita mbuu ngati chisanu, zimene zimachitika kukakhala chinyezi kapena mukapopera muli patali, koti ya vanishi wowala imabwezeretsa mtundu nthawi zambiri. Zikakanikiratu, isopropyl alcohol amachotsa acrylic popanda kuwononga pulasitiki, koma musaviike chifanizo mu thinazi wa lacquer wa ntchito zomanga kapena mu acetone, chifukwa chidzasungunuka.

Kodi ntchitoyi ingawononge thanzi?

Ingatero ngati simusamala. Penti wopopera, ngakhale wa acrylic wosanunkha, amasanduka timadontho timene timalowa m'mapapo. Poperani pamalo opita mphepo kapena m'kabokosi kokokera mpweya kunja, ndipo valani masiki ya zosefera zogwira nthunzi ndi fumbi, monga za A2P3, chifukwa masiki ya pepala siitchinga nthunzi ya lacquer ndi enamel. Fumbi la resin ndi loipa, choncho palani ndi sandipepala wonyowa. Musasongole bulashi ndi milomo, sungani thinazi kutali ndi moto ndi ana, ndipo kuti maso asatope gwiritsani ntchito nyale yowala ngati masana, ya pakati pa 5000 ndi 6500 K, imene imaonetsanso mitundu mmene ilili.

Ndichite chiyani kuti luso langa lizikula pa chifanizo chilichonse?

Sungani chifanizo chimodzi chakale kuti chikhale choyeserapo, ndipo njira iliyonse yatsopano iyambire pamenepo isanafike pa ntchito imene mwaivutikira miyezi iwiri. Masipuni apulasitiki ndi abwino poyesa mitundu ndi mavanishi, ndipo kuseri kwake mungalembe penti, thinazi ndi mphamvu ya mpweya zimene munagwiritsa ntchito, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi simudzakumbuka. Pa chifanizo chilichonse onjezani njira yatsopano imodzi kapena ziwiri zokha, kuti zikalakwika mudziwe chimene chalakwitsa. Ndipo muzimaliza zimene mwayamba, ngakhale zitakhala ndi zilema, popeza ntchito ya ma decal, vanishi ndi fumbi imabwera kumapeto, ndipo amene amasiyira zifanizo pakati amangobwereza gawo loyamba lokha.

Onetsani ntchito yanu kwa anthu odziwa, ndipo afunseni funso lolunjika, monga ngati kukanganuka kwa pa madigadi kukugwirizana ndi sikelo, m'malo mofunsa ngati chifanizo chili bwino. Bungwe la omanga zifanizo lotchedwa IPMS, limene linayamba ku Britain mu 1963, lili ndi nthambi m'mayiko ambiri, ndipo pa chionetsero chake cha Scale ModelWorld ku Telford, chimene chimachitika mwezi wa November, munthu amaona ndi maso ake kuti zifanizo zabwino zimakhala zofatsa kuposa mmene zimaonekera pa zithunzi za pa intaneti.

Koposa zonsezi, yang'anani zinthu zenizeni. Malo osungirako zakale monga The Tank Museum ku Bovington amathandiza pa maonekedwe a chitsulo ndi zowotcherera, koma akasinja ambiri a kumeneko anapentedwanso, kotero pa nkhani ya kukalamba zithunzi za pa nthawi ya nkhondo ndi zodalirika koposa. Katapila wokonza msewu, thirakitala kapena lole yonyamula mchenga zimaphunzitsa zomwezo. Imani pafupi kwa mphindi zochepa, muone pamene girisi wamwa fumbi n'kuda, pamene nsapato za woyendetsa zapukuta chopondera mpaka kuwala, ndi pamene mvula yatsuka dothi n'kusiya timizere totuwa. Jambulani malo atatu otere, ndipo madzulo omwewo yesani kutulutsa amodzi mwa iwo pa chifanizo chanu choyeserapo.